Mutu 6: Akazitape a Kabatani M'makina a Mazira

1. Mazira zikwi ziwiri

Banja ili likadzuka m'mawa osakangana, dziwani kuti wina wadwala. Lachinayi limenelo onse anali athanzi, chifukwa pofika 7 koloko mawu awo ankamveka mpaka kumsewu, ndipo mayi wogulitsa tomato pakona anali atasuntha kale tebulo lake kuti amve bwino.

Nkhani inali ya mazira. Kuseri kwa nyumba kuli shedi ya malata. M'shedimo muli makina ofungatira mazira, aakulu ngati kabati ya zovala, ndipo m'makinamo munali mazira zikwi ziwiri. Kunatsala masiku asanu kuti anapiye atuluke. Anapiye amenewa ndiwo amaveka banja lonse, kuyambira agogo mpaka kakhanda.

Koma kuyambira Lolemba makina anali atayamba misala. Kutentha kunkakhala bwinobwino, kenaka wina podutsa n'kupeza muvi wa choyezera wakwera. Nthawi ina n'kupeza watsika. Asanamalize kuitana anzake, muvi wabwerera pamalo pake ngati sunachimwe. Dzira silifuna zimenezo. Likatenthedwa mwana amapsera m'kati, likazizidwa mwana amagona osadzukanso.

Malume ake a Kabatani, amene ntchito yawo ndi ya magetsi, anali atapeza kale wolakwa. Ankati mlongo wawo amatsegula chitseko cha makina kukasuzumira mazira, ngati ndi iye anaikira. Mlongo wawoyo, mayi aang'ono a Kabatani, pakamwa sabwereka kwa munthu. Anayankha kuti vuto ndi hita yotchipa imene achimwene anagula kwa mnzawo womwa naye, ndipo anatchula dzina la mnzawoyo, la mkazi wake, ndi zimene anachita pa ukwati wa msuweni zaka zisanu zapitazo.

Kabatani anali ataima pakhomo la shedi ndi kapu ya tiyi. Ndi mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, amaphunzira za makompyuta kukoleji, ndipo anali atafika dzulo lake kudzapuma. Dzinali anamupatsa akukwawa, chifukwa batani lililonse ankalidina: la wailesi, la foni, ngakhale la malaya a mlendo.

2. Dzanja pa swichi

Makina amenewa sadziyendetsa okha. M'mbali mwake muli kakompyuta kakale komangidwa ndi waya, ndipo m'kakompyutamo muli pulogalamu. Pulogalamuyo ndiyo imayeza kutentha, kuyatsa ndi kuzimitsa hita, kutembenuza mazira, komanso kutumiza uthenga m'mafoni a eni ake kasanu pa tsiku. Anailemba ndi katswiri wina amene anasamuka kalekale, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wodziwa pang'ono anaikapo chigamba chake.

Malume ali ndi mankhwala amodzi a matenda onse. Wailesi ikakhosomola, zimitsa, yatsa. Firiji ikalira, zimitsa, yatsa. N'chifukwa chake mseri anthu amawatcha a Zimitsa. M'mawa umenewo atatopa ndi pakamwa pa mlongo wawo, anapita kukhoma n'kuika dzanja pa swichi.

Apa m'pamene onse anatembenukira kukhomako. Aliyense ankakumbukira chaka chatha. Malume anazimitsa kakompyutako m'mawa, iko n'kukana kudzuka mpaka madzulo. Theka la mazira linafa, ndipo fungo la sabata imeneyo aneba amalitchulabe akafuna kuwanyoza.

Kabatani anaika kapu pansi.

"Malume, ndipatseni mpaka 12 koloko. Sindizimitsa kanthu, sindiimitsa kanthu. Ndingofuna ndione zimene pulogalamu ikuchita ili m'kati mogwira ntchito."

Malume anaseka mpaka kutsokomola. Anafunsa ngati kukoleji amawaphunzitsa kumasula injini basi ikuthamanga. Mayi aang'ono nthawi yomweyo anakhala mbali ya Kabatani. Osati kuti anamvapo kanthu, ayi. Anangoona kuti achimwene akukana.

Amene anaweruza ndi agogo aamuna, bambo awo a onsewa. Iwo anapuma ntchito yokonza mawaya a mafoni, ndipo masiku ano amakhala pampando wa pulasitiki m'shedimo, bondo lodwala atalitambasula pa chidebe. Anauza mwana wawo kuti achotse dzanja pakhoma alipititse m'thumba. Malume anachotsa, koma anachita kunena kuti 12 koloko ikangokwana, wina asawagwire mkono.

3. Kukoleka pa waya wamoyo

Kabatani anatembenuza kireti n'kukhalapo, laputopu pamiyendo, chingwe chake atachilumikiza ku kakompyuta kaja. Agogo anamuuza kuti afotokoze ngati akufotokozera munthu amene sukulu anailekezera pakhomo.

Iye anati pulogalamu ili ngati nyumba ya zipinda zambiri yokhala ndi wantchito mmodzi yekha. Wantchitoyo amalowa m'chipinda ichi, kugwira kantchito, kutuluka, kulowa china, tsiku lonse. Ukamuimitsa kuti umufunse, hita imatsala yopanda woyang'anira. Ukafuna kumulembera malangizo atsopano, uyenera kuzimitsa kaye. Koma pali njira ina imene anaphunzira chigawo chathachi. Umaika kazitape pakhomo la chipinda, wantchito osadziwa. Akusukulu amati tiresipointi. Umalemba mzere umodzi basi: dzina la kazitape, khomo limene aime, ndi zimene azilemba wantchito akadutsa, kaya ndi nthawi, kaya ndi zimene wanyamula. Umamuika pulogalamu ikuyenda, umamuchotsa ikuyendabe.

Agogo anafunsa kuti makomo alipo angati. Kabatani anawerenga pa sikirini kuti mazana atatu ndi khumi ndi awiri, ndipo monyadira anati aika kazitape pa lililonse kuti pasadutse ngakhale nyerere.

Agogo anavula magalasi.

"Mdzukulu wanga, ine ndakwera mapolo a mafoni zaka makumi atatu ndi ziwiri. Kunkabwera dandaulo kuti foni ya auje ikuchita phokoso. Anyamata atsopano ankathamangira pulayala, kudula waya kuti ayese. Akadula, phokoso latha, inde, komanso munthu amene amaitana dokotala wadulidwa pakati pa mawu. Ife tinkakoleka kachomvera pa waya wamoyo, anthu akulankhula, osadziwa n'komwe kuti pamwamba pali munthu. Ndiye zako zija ndazimva, si zachilendo. Koma tamvera. Ukakoleka tizomvera khumi pa waya mmodzi, mawu amafooka, ndiye wayamba kufufuza vuto limene wabwera nalo wekha. Kakompyuta kako n'kokalamba ngati ine. Ukakasenzetsa akazitape mazana atatu kazingolemba, ntchito kaiwala. Yamba wadzifunsa kuti ukufuna kudziwa chiyani. Funso limodzi. Ukatero koleka pamene funsolo lingayankhidwe, osati paliponse pamene dzanja lafika. Ndipo ukamaliza uchotse zako zonse, uchite kuwerenga. Mnzanga wina anaiwala chake pa polo, mvula n'kugwa, msewu wonse unkamva nkhani za m'nyumba mwa abusa mwezi wathunthu."

Kabatani anafufuta zimene anayamba kulemba. Anaganiza pang'ono n'kunena funso lake: kutentha kukamasokonekera, wantchito uja amakhala ali m'chipinda chiti?

Anasankha chipinda choyezera kutentha. Kazitape mmodzi polowera, wina potulukira, kuti aziona nthawi imene wantchito watha m'katimo. Anasankhanso chipinda chotembenuzira mazira, awiri enanso. Anayi. Anati basi akwana.

Agogo anafunsa za chipinda cha mauthenga. Kabatani anayankha msangamsanga kuti chimenecho chilibe vuto, anachimanga yekha tchuthi chapita, amachidziwa ngati m'thumba mwake. Agogo sanatsutse. Anangovala magalasi n'kumuyang'ana pamwamba pake, kuyang'ana kumene kunalera ana asanu popanda chikwapu. Kabatani anawonjezera awiri, ndipo wa polowera anamuuza kuti azilembanso nambala ya foni imene ikutumiziridwa.

Atadina batani lomaliza, mizere inayamba kutsika pa sikirini. Walowa koyeza kutentha, watuluka. Masekondi khumi. Walowa, watuluka. Malume anagwira makina ndi chikhatho, anaika khutu, anayang'ana kagetsi ka hita. Palibe chinasintha. Anang'ung'udza kuti zimenezi ndi zoseweretsa, komabe anakoka chidebe n'kukhala pafupi kuti aone.

4. Uthenga wa 9 koloko

Kudikira ndi ntchito imene banja ili silitha. Pasanathe mphindi khumi, mayi aang'ono anali atapeza poyambira. Anafunsa mokoma ngati achimwene agona bwino m'nyumba yopanda mkazi.

Nkhani yake ndi iyi. Lamlungu malume anasowa poika mathireyi a mazira. Analowa m'nyumba, n'kutenga tebulo lositira zovala la akazi awo, limene anagula ndi manja awo asanakwatiwe, n'kulipititsa kushedi osapempha. Akazi awo atafunsa, iwo anayankha kuti tebulo ndi tebulo. Lolemba m'mawa mayiyo ananyamula chikwama n'kupita kwa amayi ake. Tebulo linali pomwepo pakona, mathireyi ali pamwamba, ndipo mayi aang'ono ankachita kulisisita akamalankhula.

Malume anati akazi awo angopita kukaona odwala. Mayi aang'ono anafunsa kuti wodwala wake ndi uti amene amafuna madiresi onse ndi nsapato zinayi.

Ali m'kati momwemo, 9 koloko inakwana. Foni ya agogo inalira m'thumba la jekete. Ya malume inatsatira, kenaka ya mayi aang'ono. Uthenga wake umodzimodzi, wochokera ku makina: zonse zili bwino. Mayi aang'ono anaukweza m'mwamba ngati satifiketi.

Onse anaseka kupatula Kabatani. Mizere pa sikirini inali itaima.

Masekondi khumi anadutsa, makumi awiri, mphindi yathunthu. Kazitape wa kutentha sanalembe kanthu. Mzere womaliza unali wa kazitape wa mauthenga. Nambala yoyamba, walowa, watuluka. Yachiwiri, yachitatu, yachinayi, chimodzimodzi, masekondi atatuatatu. Yachisanu walowa. Kutuluka ayi.

Kagetsi ka hita kanali kofiira, ndipo kanakhalabe kofiira. Muvi unayamba kukwera pang'onopang'ono, onse akuuona ndi maso kwa nthawi yoyamba. Malume anayang'ana swichi, agogo anakhosomola, malume n'kubweza maso. M'malo mwake anatsegula tizenera ta mpweya pamwamba pa makina, mlongo wawo akupepeza ndi katoni. Tsiku limenelo anthu anaona zachilendo, awiriwa akugwira ntchito imodzi osatukwanana, thukuta lili kamukamu.

Patatha mphindi makumi awiri, mzere unatsika: watuluka. Pompo wina: walowa koyeza kutentha. Kagetsi kanazima. Muvi unayamba kubwerera.

Onse anatembenukira kwa Kabatani. Mizereyo kwa iwo inali ngati mapazi a nkhuku pamchenga. Woiwerenga anali iye yekha.

5. Mzere umodzi

Nambala yachisanu ija Kabatani ankaidziwa pamtima. Inali ya akazi a malume, amene iye amawatchula kuti azakhali. Mayiyo pochoka Lolemba anazimitsa foni kuti amuna awo asawapeze.

Koma foni yozima payokha siyingaphe dzira. Chimene chinaimitsa wantchito uja pakhomo mphindi makumi awiri chinali china, ndipo Kabatani anachikumbukira bwino lomwe. Tchuthi chapita akazi a malume anadandaula kuti mauthenga a makina amafika kwa onse kupatula iwo, ndipo anati n'chifukwa choti iwo ndi obwera m'banjamo. Panali misozi, panali kusalankhulana masiku atatu. Pofuna kuzimitsa motowo, Kabatani analemba lamulo: ukatumiza uthenga usachoke mpaka foni ivomere kuti yalandira. Dikira mphindi khumi. Ikapanda kuvomera tumizanso, udikire zina khumi. Ntchito yodikirayo anaipatsa wantchito yemweyo woyang'anira hita, chifukwa njira imeneyo inali yachidule ndipo anzake ankamudikira panja kuti akaonere mpira.

Ndiye wantchito akaima pakhomo la azakhali, hita inkatsala mmene waisiyira. Akaisiya yoyaka, mazira apsa. Akaisiya yozima, azizidwa. Mafoni onse oyaka, vutolo silinkaoneka. Linkangodikira tsiku loti wina akwiye.

Mndandanda wa manambala uli m'kafayilo kapadera, kamene pulogalamu imawerenga mwatsopano nthawi iliyonse yotumiza. Kabatani anakatsegula. Mizere isanu. Kufufuta wachisanu ndi ntchito ya chala chimodzi, osazimitsa kanthu. Akanatha kufufuta n'kunena kuti wakonza, onse n'kumunyamula m'mwamba. Akanathanso kungonena kuti azakhali azimitsa foni n'kulekera pomwepo. Limenelo si bodza, ndipo mayi aang'ono akanadya nkhani imeneyo chaka chathunthu osakhuta.

Chala chinali pamwamba pa batani. Malume ankafunsa kuti wapeza chiyani. Mayi aang'ono ankafunsa kuti ndi hita eti.

Agogo mizere sawerenga, koma nkhope amawerenga. Anauza ana awo kuti akhale chete, n'kuyamba kulankhula akuyang'ana bondo lawo.

"Pa polo paja, mdzukulu wanga, umamvanso zimene sunafune kumva. Chaka china ndinafufuza vuto masiku atatu. Nditalipeza, ndinaona kuti mfundo yolakwikayo ndinamanga ndine. Kamangidwe kanga ndinkakadziwa. Ndinali ndekha pamwamba, wondiona panalibe. Ndinakonza mwakachetechete, n'kutsika, n'kunena kuti zatheka. Abwana anandigwira chanza. Koma iwo anali atanena kale kuti wolakwa ndi mnzanga wina, ndipo ine sindinawatsutse. Anamuchotsa pagulu lathu n'kumutumiza kokumba maenje. Munthu uja alipo mpaka lero. Tikakumana pamsika amandivulira chipewa, amafunsa za bondo, amafunsa za ana. Moni wake umandipweteka kuposa bondoli. Chida chofufuzira sichidziwa mwini wake. Chimaloza pamene pali vuto basi. Amene amanama ndi munthu wochigwira, ndipo akanama kamodzi, mawa akanena zoona anthu sadziwa kuti atenge ziti."

Kabatani anachotsa chala. Anatembenuza laputopu kuti onse aone, ngakhale sakanamva, n'kuloza mzere uja.

"Si hita, malume. Si chitsekonso, mayi aang'ono. Ndine. Ndinauza makina kuti azidikira foni iliyonse ivomere, ndipo akamadikira sayang'ana kutentha. Foni ya azakhali ndi yozima kuyambira Lolemba, ndiye makina amaima pakhomo pawo. Koma amene anawauza kuti aziima ndine. Ndinachita mothamanga ndipo sindinayese foni yozima."

 Kenaka banja linabwerera m'chikhalidwe chake. Malume anaimirira n'kulengeza kuti hita yawo yapezeka yosalakwa, ndipo akufuna mlongo wawo apepese kwa iwo ndi kwa mnzawo womwa naye. Mayi aang'ono anati apepesa tsiku limene achimwene adzapepese pa nkhani ya chitseko, ndiponso aliyense wamva yekha kuti mazira akupsa chifukwa cha tebulo lositira. Aliyense anapambana mlandu wake. Wolakwa amene anadziulula anachita kukweza dzanja kuti amukumbukire.

Malume atamukumbukira anamuweruza kuti anapiye akatuluka, mathireyi onse atsuka yekha. Amene anatsukapo thireyi ya anapiye akudziwa kuti chimenecho si chilango chamasewera. Kabatani anavomera. Agogo anamugwira phewa kamodzi.

6. Tebulo pa njinga yamoto

Kabatani anafotokoza kuti kukonza kwenikweni kuyenera kudikira kuti anapiye atuluke, chifukwa kumafuna kuzimitsa makina ndi kupatsa ntchito ya mauthenga wantchito wake wapadera. Za lero, njira ndi yophweka: achotse nambala ya azakhali pa mndandanda uthenga wa 12 koloko usanakwane.

Malume anasintha nkhope.

"Nambala ya mkazi wanga isachoke. Iwe sumudziwa. Akadzayatsa foni n'kupeza kuti ngakhale mazira asiya kumulembera, adzati tamuchotsa m'banja. Ukwati wanga uthera pa chala chako."

Kabatani anayankha mwaulemu kuti ngati ndi choncho, foni ya azakhali iyake isanakwane 12. Ikapanda kuyaka, kutatsala mphindi imodzi iye afufuta, chifukwa mazira apirira kale kokwanira. Agogo anagwedeza mutu kuvomereza.

Ndiye a Zimitsa, munthu amene moyo wake wonse wakhala akuzimitsa zinthu, anayenera kupita kukapempha kuti chinthu chiyatsidwe. Anayesa kuimbira apongozi awo, foni yosapezeka. Anayesa mlamu wawo, iye anadula. Panalibe kuchitira mwina. Anatsitsa mathireyi, anapukuta tebulo lositira ndi malaya awo, n'kulitulutsa panja.

Mayi aang'ono sanasangalalepo chonchi chibadwire cha mwana wawo woyamba. Anathamanga kukatenga chingwe choyanikira zovala. Anamanga tebulo kumbuyo kwa njinga yamoto ndi manja awo, akuphunzitsa achimwene mawu oti akanene: ayambe ndi kugwada, asatchule mazira, ndipo asayerekeze kunenanso kuti tebulo ndi tebulo. Malume ananyamuka miyendo ya tebulo ili m'mwamba ngati mbuzi yopita kumsika. Mayi wa tomato anawaimikira dzanja.

Kuchokera pamenepo shedi inali ya anthu atatu ndi mizere yotsika. Walowa, watuluka. Mazira anatembenuzidwa 10 koloko, akazitape awiri aja n'kulemba kuti ntchitoyo yatenga masekondi makumi anayi, yopanda chilema. 11 koloko inadutsa. Hafu inadutsa. Kabatani anatsegulanso kafayilo kaja n'kuika chala pafupi.

Kutatsala mphindi zisanu foni yake inalira. Anali malume, akupuma ngati athamanga. Kumbuyo kwawo kunkamveka mawu a amayi awiri, onse akulankhula nthawi imodzi. Anati asafufute, zinthu zikuyenda, tebulo lalandiridwa, koma foni yatha moto ndipo akusakasaka chaja. Mayi aang'ono analanda foni n'kufunsa ngati anagwada. Malume anadula.

Mphindi zitatu. Ziwiri. Agogo anachotsa bondo pa chidebe n'kusendera pafupi. Kutatsala mphindi imodzi ndi theka, kunabwera uthenga wa mawu amodzi kuchokera kwa malume: yayaka.

Kabatani anabweza dzanja n'kulipinda pamiyendo.

12 koloko mafoni analira m'shedimo. Nambala yoyamba, walowa, watuluka. Yachiwiri. Yachitatu. Yachinayi. Yachisanu walowa. Mayi aang'ono anagwira mkono wa bambo awo. Sekondi imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi. Watuluka. Ndipo pansi pake, ngati palibe chinachitikapo sabata yonse: walowa koyeza kutentha, watuluka.

Muvi sunasunthe ngakhale pang'ono. Mayi aang'ono anavina ndi tsache kuzungulira makina, agogo akuwaombera m'manja n'kumawauza kuti asagunde chitseko, angadzutse mlandu wakale. Kabatani anaseka mpaka misozi. Atapuma anachotsa akazitape ake mmodzimmodzi, asanu ndi mmodzi, makina akungoyenda osadziwa kuti munali alendo.

Chakudya cha masana chinakoma tsiku limenelo. Mayi aang'ono anamuikira Kabatani nyama yaikulu, n'kumuuza kuti mwana wolakwa n'kudzinenera yekha sanatengere kwa amalume ake.

Cha m'ma 2 koloko ndi theka njinga yamoto inamveka pageti. Tebulo panalibe, analisiya kuti libwere pa ngolo. Pamalo pake panakhala anthu awiri. Woyamba kutsika anali akazi a malume, atavala diresi yatsopano, akumwetulira ngati munthu wochokera kokalandira mphotho. Anamukumbatira Kabatani n'kunena kuti amva zonse, kuti makina anakana kugwira ntchito chifukwa chowasowa iwo, ndipo m'nyumba muno makina okha ndiwo ali ndi chikondi.

Wachiwiri anatsika pang'onopang'ono, atagwira phewa la mkamwini wawo. Anali apongozi a malume, mayi wamfupi wa maso akuthwa, chikwama atachipanira kukhwapa. Sanafunse n'komwe njira ya kunyumba yaikulu. Analunjika kushedi, anayang'ana makina kuchokera pansi mpaka pamwamba, n'kufunsa kuti mwana wa mauthenga uja ndi uti.

Malume anayang'ana pansi. Ananong'oneza kuti mtendere sunabwere waulere. Apongozi anavomera kubweza mwana wawo pokhapokha nawonso azilandira uthenga wa mazira, kuyambira lero, kuti azidziwa mmene zinthu zikuyendera pakhomo pano.

Mayiwo anatsegula chikwama. Anatulutsa kapepala ka nambala n'kumupatsa Kabatani m'manja. Kenaka anatulutsa kampango komanga mfundo ziwiri, anamasula, n'kuonetsa kafoni kakang'ono kozima, koyera ngati kogula dzulo.

"Lemba bwino, mwana iwe, usaphonye nambala. Koma foni yangayi ndimayatsa Lamlungu masana pokha. Masiku enawa imapuma, batire lingathe."

Akazi a malume anayang'ana Kabatani. Malume anayang'ana Kabatani, maso akupempha. Mayi aang'ono anakoka chidebe n'kukhala pansi bwinobwino, ngati munthu amene wapeza malo a kutsogolo.

Kabatani anayang'ana kapepala, n'kuyang'ana wotchi ya pakhoma. Kunatsala mphindi makumi awiri kuti 3 koloko ikwane, nthawi ya uthenga wotsatira.